Mafunso ndi mayankho: Kodi ndilowe pulogalamu iti ya mailosi a ndege?

Ndili ndi kashopu pano pa Mchinji boma komwe timapanga fotokope, kusindikiza makalata ndi kuthandiza anthu kugula matikiti a ndege pa intaneti. Ndisanatsegule shopuyi ndinkagwira ntchito ku bungwe lina la alimi a mtedza ndi soya, ndipo linkandituma kumisonkhano ku Nairobi, ku Addis Ababa ndi ku Johannesburg. Nkhani ya mailosi ndinaiphunzira pa maulendo amenewo, zina mwa izo mochedwa. Masiku ano pakafika amayi a geni opita kukaoda katundu, abusa, ana asukulu opita kunja kapena makolo okaona zidzukulu ku Joni, fomu ya tikiti ikangofika pamalo pofunsa nambala ya membala, mafunso amayamba. Ndasonkhanitsa pano omwe amabwera kawirikawiri.

Kodi mailosi amenewa ndi chiyani kwenikweni?

Ndi mbasela. Mukagula tomato kwa mayi mmodzimodzi tsiku ndi tsiku, amakuikirani awiri pamwamba kuti mawa mudzabwerenso kwa iwo. Makampani a ndege amachita chimodzimodzi: mukalembetsa nawo amakupatsani nambala, ndipo ulendo uliwonse womwe mwakwera ndege yawo amakulemberani mapointi pa nambalayo. Ambiri amawatcha mailosi chifukwa poyamba ankawerengera mtunda womwe mwauluka, mailo imodzi kukhala pafupifupi kilomita 1.6. American Airlines ndi imodzi mwa makampani omwe anatchukitsa zimenezi pomwe inayambitsa AAdvantage mu 1981, ndipo lero pafupifupi kampani iliyonse yaikulu ili ndi pulogalamu yake.

Mapointiwo akachuluka mungasinthanitse ndi tikiti, kapena kukwezedwa kuchoka ku economy kupita ku business, kapena kulipirira katundu wopitirira muyezo.

Kulowa kumalipitsa?

Ayi. Mumalembetsa pa webusaiti kapena pa app ya kampaniyo, ndipo chofunika ndi imelo, nambala ya foni ndi dzina lanu monga lilili mu pasipoti. Munthu akakuuzani kuti mumpatse ndalama kuti akutsegulireni akaunti ya mailosi, dziwani kuti ndalamayo ikupita m'thumba mwake.

Mapulogalamu ndi ambirimbiri. Ndiyambire pati posankha?

Musayambire pa intaneti. Zambiri zomwe mungawerenge kumeneko zinalembedwera anthu a ku America ndi ku Ulaya, omwe ali ndi ndege zambirimbiri pakhomo pawo komanso makadi a ngongole a kubanki omwe amawapatsa mailosi ngakhale pogula sopo. Ife sitili choncho. Ife tikanyamuka pa Mchinji timatsata msewu wa M12, kudutsa pa Kamwendo ndi pa Namitete, makilomita pafupifupi 110 kukafika ku Lilongwe, kenako n'kukwera chakumpoto mpaka ku Lumbadzi pa bwalo la Kamuzu. Ndege zomwe zimatera pamenepo n'zowerengeka, ndipo pulogalamu yomwe ingakuthandizeni ili pakati pa zimenezo basi.

Choncho tengani pepala, mulembe maulendo omwe munayenda zaka ziwiri zapitazi ndi omwe mukuyembekezera zaka ziwiri zikubwerazi. Pambali pa ulendo uliwonse lembani ndege yomwe munakwera kapena yomwe mudzakwere. Dzina lomwe labwera kambiri, pulogalamu yanu ndi imeneyo. Ndimauza aliyense zomwezi, ndipo ena amakhumudwa poona kuti yankho lake ndi lapafupi chonchi, koma sindinaonepo njira ina yoposa imeneyi. Pulogalamu ingatamandidwe motani, ngati ndege yake siyenda njira yanu, khadi lake lingokhala chokongoletsa m'chikwama.

Ine maulendo anga ndi a ku Joni ndi ku Dar es Salaam, nthawi zina ku China. Nanga ine?

Kwa munthu wotere, ndipo ndi ambiri mwa omwe amafika pashopu panga, ndimati ShebaMiles. Imeneyi ndi pulogalamu ya Ethiopian Airlines, koma ndi yomwenso Malawi Airlines imagwiritsa ntchito. Chifukwa chake n'chakuti Air Malawi itatha mu 2013, kampani yatsopano yomwe inayamba kuuluka mu January 2014 inakhazikitsidwa mogwirizana: boma la Malawi lili ndi magawo 51 pa 100, Ethiopian ili ndi 49. Ndiye nambala imodzi yomweyo imagwira mukakwera Malawi Airlines kupita ku Johannesburg kapena ku Dar es Salaam, imagwiranso mukakwera Ethiopian kudzera pa bwalo la Bole ku Addis Ababa kupita ku Guangzhou, ku Dubai, ku London kapena ku Washington.

Apa ndiye pagona mphamvu yake kwa Mmalawi. Maulendo aafupi ndi aatali onse akuthira m'nkhokwe imodzi. Mayi wina wogulitsa zovala, yemwe amapita ku Guangzhou kawiri pachaka, anabwera tsiku lina n'kutulutsa kajumbo m'chikwama, momwe munali ma boarding pass akale, timapepala tolowera m'ndege, omangidwa ndi mphira, ena atafufuta moti dzina silinkaonekanso. Anali atalembetsa ku makampani atatu, ndipo ulendo uliwonse ankapereka nambala yomwe waikumbukira tsiku limenelo. Titatsegula maakaunti atatu aja, iliyonse inali ndi pang'ono, ndipo panalibe ngakhale imodzi yokwana kugula kanthu. Akanaika zonse pamodzi kuyambira pachiyambi, bwenzi atapeza kale ulendo umodzi wa ku Joni. Ndinamva chisoni kwambiri, chifukwa maulendo amenewo anawalipira ndi thukuta lawo.

Ku Johannesburg kulinso Airlink, yomwe ili ndi pulogalamu yake yotchedwa Skybucks, yoyamba mu 2023. Ngati ulendo wanu ndi wa ku South Africa kokhakokha, ndipo mukafika mumapitirira ku Cape Town kapena ku Durban pa Airlink yomweyo, imeneyo ndi yoyenera kuiganizira.

Ku ntchito amakonda kutigulira Kenya Airways. Ndilowe Asante kapena Flying Blue?

Kwa zaka zambiri okwera Kenya Airways ankalowa Flying Blue, yomwe ndi pulogalamu ya Air France ndi KLM. Mu 2023 Kenya Airways inayambitsa yakeyake yotchedwa Asante Rewards. Zonse ziwiri zimalandira mailosi a ndege za Kenya Airways, koma pa ulendo umodzi mumasankha imodzi.

Ine ndimaona chonchi. Ngati maulendo anu amathera ku Nairobi, ku Mombasa, ku Entebbe kapena m'mizinda ina ya muno mu Africa, Asante ndi yokwanira. Ngati Nairobi ndi pongodutsira, ndipo mumapitirira ku Amsterdam kapena ku Paris pa KLM kapena Air France, khalani ku Flying Blue. Amene muli kale ndi mailosi ku Flying Blue, musathamangire kusamuka chifukwa choti kwabwera chatsopano. Yambani mwagwiritsa ntchito omwe muli nawowo.

Ndimamva za Star Alliance ndi SkyTeam. Zikundikhudza bwanji ine wa ku Mchinji?

Zikukukhudzani kwambiri. Makampani a ndege ali m'magulu atatu akuluakulu: Star Alliance yomwe inayamba mu 1997, oneworld ya mu 1999 ndi SkyTeam ya mu 2000. Ethiopian inalowa Star Alliance mu 2011, ndipo m'gulu lomwelo muli South African Airways, EgyptAir, Turkish Airlines, Lufthansa, United ndi Air China. Kenya Airways ili mu SkyTeam pamodzi ndi KLM, Air France ndi Delta. Qatar Airways ndi British Airways zili mu oneworld. Emirates siili m'gulu lililonse mwa atatuwa.

Tanthauzo lake ndi ili: mukakhala ndi nambala ya ShebaMiles n'kukwera South African Airways kapena Turkish Airlines, simufunika kutsegula akaunti ina. Perekani nambala ya ShebaMiles yomweyo. Mwana wanu yemwe ali pasukulu ku Germany akakwera Lufthansa, mailosi ake angalowe mu ShebaMiles yake. Anthu ambiri sadziwa zimenezi, n'chifukwa chake amakhala ndi makadi anayi a gulu limodzi.

Chenjezo limodzi: Malawi Airlines imagwiritsa ntchito ShebaMiles, koma payokha si membala wa Star Alliance. Musayembekezere kuti khadi la kampani ina ya m'gululo lidzalandira mailosi a ulendo wa pa Malawi Airlines.

Ife tili pafupi ndi Zambia. Bwanji osakakwerera ku Lusaka, kuti ndilowe Emirates kapena Qatar?

Funso ili ndi la kwathu kuno zedi. Wa ku Zomba sangalifunse. Kuchoka pa boma kukafika pachipata cha Mwami ndi makilomita pafupifupi 12, Chipata ili pomwepo, ndipo ambirife tili ndi abale tsidya linalo. N'zoona kuti Emirates ndi Qatar Airways zimatera ku Lusaka pomwe ku Lilongwe sizifika. Koma kuchoka ku Chipata kukafika ku Lusaka pa Great East Road ndi makilomita opitirira 550, tsiku lathunthu muli m'basi, kuwoloka mlatho wa Luangwa, mwinanso kugona ku Lusaka usiku umodzi. Pobwerera ndi katundu wa geni, mumulowetsa kaye m'Zambia, kenako n'kumuwolotsanso pa Mwami.

Alipo omwe njira imeneyi imawayendera, makamaka opita ku Dubai omwe apeza tikiti yotsika mtengo kwambiri kapena ali ndi kogona ku Lusaka. Ngati ndinu mmodzi wa iwo ndipo mumachita zimenezi chaka ndi chaka, lowani Skywards ya Emirates kapena Privilege Club ya Qatar, yomwe mapointi ake amatchedwa Avios kuyambira 2022. Koma kuyenda mtunda wonsewo chifukwa chongofuna mailosi, ayi, sindingakulangizeni. Ndalama ya basi, chakudya ndi malo ogona ikuposa mtengo wa mailosi omwe mukapeze.

Kodi n'kulakwa kulowa mapulogalamu angapo?

Palibe lamulo loletsa, ndipo popeza ndi zaulere, kukhala ndi iwiri n'kwanzeru: umodzi waukulu, wina wongosungira tsiku lomwe mwakwera ndege ya gulu lina. Kwa ambiri kuno ndiye ShebaMiles ndi umodzi wa ku SkyTeam. Kupitirira apo mukungomwaza mbewu pathanthwe.

Ine ndimakwera ndege kamodzi pachaka. Pali phindu?

Tiyeni tiwerengere limodzi. Kuchoka ku Lilongwe kupita ku Johannesburg ndi makilomita pafupifupi 1,500. Kupita ndi kubwerera ndi 3,000, omwe ndi mailosi osafika 2,000. Ndipo si tikiti iliyonse yomwe imapatsa mailosi onse. Pa tikiti yanu pali chilembo chimodzi chosonyeza kalasi ya mtengo womwe mwalipira, ndipo matikiti otchipa kwambiri amapatsa gawo chabe la mtundawo, ena osapatsa konse. Mapulogalamu ena sawerengeranso mtunda, amawerengera ndalama yomwe mwalipira. Tsopano tsegulani tebulo la pulogalamu yanu, muone mailosi omwe amafuna pa tikiti imodzi, mugawe ndi omwe mumapeza pachaka. Mudzapeza kuti wa ulendo umodzi wa ku Joni pachaka adzadikira zaka zambiri, ndipo mwina oyambirira aja adzatha mphamvu asanakwane.

Komabe lembetsani. Simutaya kanthu, zambiri zanu zimasungika moti kugula tikiti yotsatira kumafulumira, ndipo moyo umasintha: mwana akapeza sukulu ku India kapena ntchito ikakutumani kutali, ulendo umodzi wautali umabweretsa mailosi oposa a ku Joni katatu. Chomwe sindifuna n'chakuti muyembekezere zazikulu n'kudzakhumudwa.

Tikiti ya ndege yanga yakwera mtengo kuposa ina. Ndigulebe kuti ndipeze mailosi?

Apa ndiye pomwe anthu amaluzira ndalama, ndipo ndimalankhula mosabisa. Matikiti a ndege mtengo wake umatsata dola. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, tonse tinaona momwe matikiti anadumphira usiku umodzi. Dola iliyonse yomwe mwawonjezera pa tikiti ndi ndalama yeniyeni yomwe ikanagula thumba la feteleza kapena kulipira fizi. Mailosi ndi lonjezo chabe, ndipo mwini lonjezolo angasinthe mtengo wake tsiku lililonse popanda kukufunsani.

Ngati kusiyana kwake n'kochepa, ndipo ndege yanuyo ili ndi nthawi yabwino komanso imalola katundu wokwanira, gulani yanuyo. Ngati kusiyana n'kwakukulu, gulani yotchipa. Palibe amene amagula tomato wodula kawiri chifukwa cha mbasela.

Onaninso katundu. Kwa wa geni, zikwama ziwiri za makilogalamu 23 chilichonse n'zofunika kuposa mailosi alionse. Tikiti yooneka yotchipa koma yolola chikwama chimodzi ingathe kukudyerani zambiri pa sikelo ya pabwalo.

Nanga za Silver ndi Gold zija?

Amenewa ndi masitepe a umembala. ShebaMiles ili ndi Blue, Silver, Gold ndi Platinum. Flying Blue ili ndi Explorer, Silver, Gold ndi Platinum. Mumakwera malinga ndi kuchuluka kwa maulendo omwe mwayenda m'chaka chimodzi, ndipo mukasiya kuyenda mumatsikanso. Mailosi okwezera sitepe amawerengedwa padera ndi mailosi ogulira tikiti.

Kwa amene amayenda pafupipafupi, phindu lenileni lili apa, kuposa pa tikiti yaulere. Wa Gold mu Star Alliance amaloledwa katundu wowonjezera, amakhala ndi mzere wakewake popereka zikwama, amakwera ndege poyambirira, ndipo amalowa mu lounge, chipinda chapadera chodikiriramo ndege, ngakhale tikiti yake ili ya economy. Amene anadikirapo maola asanu ndi limodzi pa Bole usiku, atakhala pa mpando wachitsulo chikwama chili pamiyendo, akudziwa kufunika kwa malo okhala bwino, tiyi wotentha ndi potchajira foni. Koma masitepe amenewa ndi a anthu oyenda maulendo ataliatali kangapo pachaka. Ngati simuli m'gulu limenelo, musadzivutitse nawo.

Kodi mailosi amatha mphamvu?

Inde, amafumbwa ngati chimanga chosathira mankhwala. A Skywards amatha pakapita zaka pafupifupi 3. Avios amatha mukakhala miyezi 36 osapeza kapena kugwiritsa ntchito ngakhale imodzi. A Flying Blue, kwa membala wamba, amafuna kuti pasathe zaka 2 musanachitepo kanthu. Pulogalamu iliyonse imaonetsa tsiku lothera mu akaunti yanu. Lilembeni pa kalendala ya pakhoma, ndipo likayandikira gwiritsani ntchito omwe alipowo, ngakhale pa chinthu chaching'ono monga chikwama chowonjezera.

Tikiti wagula ndi bungwe lomwe ndimagwirako ntchito. Mailosi ndi a ndani?

Kampani ya ndege imalemba mailosi pa dzina la wokwera, osati la wolipira. Choncho ngakhale tikiti agule abwana, mpingo kapena mwana wanu wa ku Joni, nambala yoika ndi yanu. Mabungwe ena ali ndi malamulo awo pa nkhaniyi, ndiye ngati muli pantchito, funsani kaye ku ofesi kuti pasadzakhale kukayikirana. Mukatero, tumizani nambala yanu kwa amene amagula matikiti, ndipo mukafika pa kauntala ku Lumbadzi funsani kuti, "Nambala yanga ya membala ilimo?" Yang'ananinso pa boarding pass, nthawi zambiri imasindikizidwa pamenepo.

Ndayenda, koma mailosi sanalowe. Nditani?

Izi zinandichitikira ine. Polembetsa koyamba ndi kampani ina ndinasiya dzina langa lapakati, pomwe mu pasipoti ndi pa matikiti linalipo. Ndinayenda maulendo anayi, ndikupereka nambala mokhulupirika, osatsegula akaunti ngakhale kamodzi. Tsiku lomwe ndinatsegula ndinapeza mulibe kanthu. Nditalemba kalata anandiyankha kuti akonza dzinalo, koma maulendo atatu anali atapitirira nthawi yodandaulira. Ndinapulumutsa umodzi wokha, chifukwa boarding pass yake inali idakali m'thumba la jekete.

Kuyambira pamenepo ndimachita zinthu zitatu, ndipo makasitomala anga ndimawauza zomwezo. Dzina likhale ndendende monga mu pasipoti, chilembo ndi chilembo; amayi omwe munasintha dzina mutakwatiwa, samalani kwambiri apa. Boarding pass ijambuleni pa foni musanakwere ndege, chifukwa inki yake imafufuta msanga, ndipo sungani imelo ya tikiti yomwe ili ndi nambala ya manambala 13. Pakatha sabata ziwiri mutabwerera, tsegulani akaunti. Ngati mailosi sanalowe, pa webusaiti pali malo opemphera mailosi osowa, ndipo makampani ambiri amapereka miyezi yowerengeka yokha, kawirikawiri 6.

Tikiti ya mailosi ndi yaulere zenizeni?

Si yaulere yonse. Mailosi amalipira mtengo wa mpando, koma misonkho ya mabwalo a ndege ndi ndalama zina zomwe kampani imawonjezera mumalipira nokha, ndipo pa maulendo ena zimakhala zambiri ndithu. Musanadine batani, yerekezani ndalama imeneyo ndi mtengo wa tikiti wamba. Mipando ya mailosi imakhalanso yochepa pa ndege iliyonse. Ya mu December, pomwe a ku Joni onse akubwera kumudzi kudzadya Khirisimasi, imatha miyezi ingapo nthawi isanakwane. Ngati mungathe kuyenda mu February kapena mu May, mwayi umakhala waukulu.

Ndingapatse mayi anga mailosi anga? Nanga kugulitsa?

Kuwagulira tikiti ndi mailosi anu n'kotheka m'mapulogalamu ambiri: mumalowa mu akaunti yanu, n'kulemba dzina lawo ngati wokwera. Kusamutsa mailosi kuchoka mu akaunti yanu kupita mu yawo nthawi zambiri kumalipitsa, ndiye njira yoyambayo ndiyo yabwino. Emirates ili ndi akaunti ya banja yotchedwa My Family, momwe a m'nyumba imodzi amasonkha mailosi pamodzi.

Kugulitsa n'koletsedwa, ndipo akakugwirani amatseka akaunti ndi kufafaniza tikiti. Samalaninso ndi anthu a pa WhatsApp ndi Facebook omwe amati ali ndi matikiti otchipa a mailosi. Ena amakhala ataba mu akaunti ya munthu wina, ndipo amene amakabwezedwa pa kauntala ku Lumbadzi, atalipira kale minibasi kuchokera ku Mchinji ndi zikwama zake, ndi wogulayo. Pasiwedi ya akaunti yanu isungeni ngati PIN ya Airtel Money kapena Mpamba. Ngakhale pashopu panga, ikafika nthawi yoilemba ndimatembenuzira kiyibodi kwa kasitomala kuti alembe yekha, ndipo tikamaliza timatuluka mu akauntiyo iye akuona.